Mbewu ya Kachewere M'galaje ya Ababa

Kwathu ku Ulongwe chinthu chikapezeka pomwe sichiyenera kukhala, anthu sataya nthawi n'kufufuza. Amangoitana ine. Chule uja anatuluka m'chikwama cha apulofesoli a Biolojiya ndinamuikamo ndine. Zingwe za nsapato za mkulu wa kwaya, zija zinapezeka zitamangidwa pamodzi iwo akudzuka pogwada, ndi manja angawanso. Amati mtsikana sachita zotere, koma ine ndimachita, ndipo amene anandiwononga ndi ababa. Amayi akamandikalipira, ababa ankatembenukira kukhoma ngati akuyang'ana chiswe, mapewa okha akugwedezeka.

Ababa anamanga galaje asanamalize n'komwe nyumba yogona. M'menemo munkakhala kalinya yawo, galimoto ya katundu yomwe kale inkanyamula kachewere kupita ku Kalomwe. Injini inafa ine ndili wamng'ono, galimotoyo n'kukwezedwa pa njerwa, koma ababa sanavomerepo kuti yafa. Ankati yagona. Pozungulira pake panadzaza zinthu zomwe munthu wina aliyense akanataya kalekale: zitini za mkaka zodzaza mapalafuzo, timisomali topotokola tija, matayala osalala ngati chipumi, mafelemu a njinga, mawailesi opanda kumbuyo, chogwirira cha ketulo chopanda ketulo. Amayi akanyamula kanthu kuti akataye kudzala, ababa ankawalanda mwaulemu n'kunena kuti, "Chimenechi chili ndi tsiku lake." Ine ndinakulira m'fumbi limenelo. Ankanditchula mekaniko wawo, ndipo ankauza aliyense wobwera kuti kalinyayo adzaidzutsa ndi ine.

Pa galimoto yonseyo chamoyo chinali chimodzi, buzina, hutala yochenjezera anthu pamsewu. Bateriya inkadya moto wa sola ya padenga, ndiye buzinayo inkalira bwinobwino. Ababa akafuna tiyi sankatuluka. Ankangoimba kawiri mofupika, kenako kamodzi kotalika, amayi n'kumapita ndi kapu uku akung'ung'udza kuti iwo si wantchito wa pa bala. Tsiku lina ine ndi ababa tinalumikiza mawaya awiri ku buzinayo, n'kuwatulutsira pa kabowo ka mpweya kuseri kwa galaje, pansi pa mtengo wa mapichesi. Ukagunditsa nsonga zake, galimoto yopanda munthu inkalira. Tinathamangitsa nayo tambala wa aneba mpaka anasiya kubwera. Tinadzidzimutsa nayo amayi a m'kwaya atabwera kudzaphunzira nyimbo pakhonde, mmodzi anataya buku m'madzi. Amayi anazindikira tsiku lomwelo, natikalipira tonse awiri ngati ana a mimba imodzi.

M'galajemo munkakhalanso chinthu china chomwe sichinali chitsulo. Tikakumba kachewere wa mvula, ababa ankasankha wapakatikati, wosalala, wopanda bala, n'kumuyala pa masaka pansi, mbali zonse za kalinya. Imeneyo inali mbewu ya kudimba. M'mawa uliwonse ankatsegula zitseko zonse ziwiri kuti mulowe kuwala. Mbewu ikamaona kuwala imatulutsa mphukira zazifupi, zonenepa, zobiriwira. Ikakhala mumdima imatulutsa zazitali zoyera, n'kumadzidya yokha mpaka kufota. Kachewere wa kudimba ndi amene amatidyetsa chimanga chikatha, ndi amenenso amandilipirira maphunziro pa shikola.

Ababa anadwala chifuwa mvula ikupita kumapeto. Sanagone nthawi yaitali. Za maliro sindilemba, chifukwa zomwe ndikukumbukira ndi miyendo ya anthu ndi utsi basi.

Kwathu katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka abale ake asonkhane, agawe, asudzule mkazi wamasiye. Choncho m'mawa mwake titaika maliro, ababa aakulu, mkulu wawo wa ababa amene amakhala ku Domwe, anakhoma galaje ndi loko watsopano, kadeyado. Mfungulo anaimangirira pachingwe n'kuikoleka m'khosi. Sanachite mwankhanza. Anasuzumira mkati, anaona zitsulo, ndipo zitsulo zimadikira. Za mbewu palibe anaganizako, ngakhale ifeyo. Maso athu anali otupa.

Tinakumbukira kuzizira kutayamba, anzathu akunyamula madengu a mbewu kupita kudambo. Amayi anali atalima kale dimba lonse, okha, chifukwa ankati akakhala pansi mutu umawalemera. Anatumiza mawu ku Domwe. Yankho linabwera loti tidikire ababa aang'ono, amene amagwira ntchito ku Tete, apeze mpata. Anatumizanso mawu. Yankho linali lomwelo.

Ine ndinkakwera pa njerwa kuseri n'kusuzumira pa kabowo ka mpweya ndi tochi ya foni. Poyamba mbewu inkaoneka bwino. Kenako mphukira zinayamba kutalika, zoyera ngati nyongolotsi, ndipo zonse zinaweramira mbali imodzi, kuloza kamzere ka kuwala ka pansi pa chitseko. Patapita nthawi kunayamba kutuluka fungo.

"Amayi, mahinji a chitsekocho ndi a mapalafuzo," ndinatero. "Ndikhoza kumasula, titulutse mbewu, ndibwezeretse. Kadeyado sadziwa kanthu."

"Ukakhudza chitseko chimenecho adzati taba."

"Tiba mbewu yathu yomwe?"

"Mkazi wamasiye akayamba kuzungulira pa kadeyado, anthu amati wayamba kuwerenga katundu mwamuna asanazizire. Iwe udzakwatiwa n'kuchoka. Ine dzina limenelo ndidzafa nalo pano."

Ndinayamba kutsuka mbale. Koma amayi amandidziwa, ndiye anandiyang'ana nthawi yaitali.

Lamulungu lina Misa itatha, ababa aakulu anafika pa njinga yamoto atakweza azakhali, mlongo wawo. Anabwera kudzationa chabe. Azakhali ndi munthu wa tchalitchi kwambiri, korona sachoka m'manja, koma kadzidzi akalira padenga amayamba kulongedza. Anakhala pakhonde, amayi pamkeka ndi ketulo ya tiyi ndi makapu. Atatha malonje, amayi anayamba mozungulira, mawu ali pansi.

"Alamu, m'galajemo muli kambewu. Dimba ndalima. Mukanangotsegula pang'ono, inu muli pomwepo, titulutse mbewu yokhayo."

Ababa aakulu anagwira pachifuwa pomwe panali mfungulo.

"Alamu, ndikumva. Koma ndikatsegula ndekha, wa ku Tete uja adzati chiyani? Adzati munalowa, munasankha zabwino. Mwambo uli ndi njira yake. Kachewere si mwana woti alira."

"Akufota, alamu."

"Apirire pang'ono. Tonse tikupirira."

Azakhali anavomera ndi mutu. Amayi anaweramitsa nkhope n'kuyamba kukonza mphonje za mkeka. Ine ndinatenga chidebe ngati ndikupita kukatunga madzi, n'kuzungulira kuseri.

Mawaya anali pomwe tinawasiya, atakwiririka ndi masamba. Nsonga zinali zitachita dzimbiri, ndinazipala ndi mwala. Sindinakonze zoimba mwanjira ina iliyonse, ndinkangofuna phokoso. Koma zala zinachita zomwe makutu anazolowera. Kawiri mofupika, kamodzi kotalika.

M'galaje yotseka buzinayo inamveka mokulira kuposa kale lonse. Nkhuku zinabalalika. Ndinasuzumira pangodya, pomwe khonde limaonekera pakati pa galaje ndi khitchini. Azakhali anali ataimirira, korona ali pakamwa. Ababa aakulu tiyi anali atawatayikira pa thalauza la Misa. Ndinaluma mkono kuti ndisaseke mokweza.

Kenako ndinaona amayi. Dzanja lawo linali litatenga kapu yopanda mwini, linalo likuthira tiyi. Anathira mpaka pakati. Apo m'pamene anaima, ketulo ili m'mwamba, akuyang'ana kapuyo. Anaiika pansi pang'onopang'ono. Anatembenuka n'kuyang'ana pangodya pomwe ndinali, ndipo maso athu anakumana.

"Achimwene, mwamva?" anatero azakhali.

"Ndi makoswe. Adya mawaya."

"Makoswe a kuno amadziwa kuitanitsa tiyi?"

"Iwe, usayambe. Wangochoka ku Misa."

"Inunso mwangochoka ku Misa, nanga tiyiyo watayikira pa thalauza chifukwa chiyani?"

Ababa aakulu anakhalanso pansi, akupukuta thalauza, akubwereza za makoswe. Ndinaona kuti akapuma kawiri katatu akhulupirira bodza lawolo. Amayi anali akundiyang'anabe. Sanagwedeze mutu kuti ayi, sanagwedezenso kuti inde. Ndinabwerera pansi pa mtengo n'kugunditsanso mawaya, chimodzimodzi.

Nditafika pakhonde ndi chidebe pamutu, nkhope ngati ya mtsikana wowerenga mawu kuguwa, ndinapeza azakhali akulira kwenikweni.

"Munthu akudandaula, achimwene. Mwamutsekera zinthu zake mumdima. Iye uja ankatsegula m'mawa uliwonse. Mukufuna abwere ku Domwe adzakuuzeni yekha?"

"Kwachitika chiyani, azakhali?" ndinafunsa.

"Sunamve, mwanawe?"

"Ndinali kuchitsime."

Ababa aakulu anaimbira foni ku Tete ataima pakati pa bwalo, kutali ndi galaje. Sindinamve zonse, koma ndinamva akuti, "Kawiri, ndikukuuza. Ndi makutu angawa." Wa ku Tete anati tsegulani, gawani, gawo langa mundisungire kapena mupatse ana. Zomwe zinakanika nthawi yonse ija zinatheka tiyi asanazizire.

Azakhali anawaza madzi odalitsidwa pachitseko. Ababa aakulu anavula mfungulo m'khosi n'kutsegula kadeyado. Zitseko zitatseguka, fungo linatikankha. Onse anabwerera m'mbuyo, ine ndekha ndinalowa. Azakhali anati mwanayu ndi wolimba mtima. Ndinapita molunjika kumutu kwa galimoto, ndinazula mawaya anga ku buzina, ndinawakoka kuchokera pa kabowo, n'kuwapinda m'thumba la siketi. Ndili nawo mpaka lero.

Nditatembenuka m'pamene ndinaona bwino. Zonse zinali momwe ababa anazisiyira tsiku lomwe anati akukagona pang'ono. Ovololo yawo inali pamsomali, mawondo ake atatukuka ngati muli munthu. Pansi pa kalinya panali katoni yomwe ankagonera akamagwira ntchito, ndi patapata mmodzi. Pamwamba pa injini panali kapu, tiyi ataumiramo n'kusiya mzere wakuda. Amayi analowa, anatenga kapuyo n'kupita nayo kukhitchini. Anakhalako nthawi yaitali kuposa yotsukira kapu imodzi.

Kutulutsa katundu kunatenga masana onsewo ndi tsiku lotsatira. Ababa aakulu anajambula ndi phazi malo atatu pabwalo: za abale, za anthu ogula zitsulo zakutha, a sukata aja, ndi zotentha. Ine ndinkanyamula, iwo ankaloza. Masipanala abwino, jeke ndi pampu zinapita kwa abale. Mafelemu a njinga ndi mawailesi ku sukata. Masaka odyedwa ndi makoswe, makatoni, malamba oduka, kumoto. Chilichonse chomwe ndinkanyamula ndinkadziwa komwe chinachokera ndi tsiku lomwe chinkadikira. Chogwirira cha ketulo chija ababa aakulu anachitembenuza kawiri n'kufunsa, "Ichi n'chiyani?" Ndinati sindikudziwa. Anachiponya ku sukata.

Zitini za mapalafuzo zinawasokoneza. Anatsegula chimodzi, anapeza onse ndi a msinkhu umodzi. Anatsegula china, chimodzimodzi, okulirapo pang'ono. Anakhala pa tayala akuyang'ana zitinizo, zitandandalikidwa kuyambira aang'ono mpaka aakulu.

"Mng'ono wanga uja ali mwana ankachita zomwezi ndi nthanga za maungu," anatero, osayang'ana munthu. "Ndinkamusokonezera dala."

Anapukuta mphuno ndi chikhatho n'kunena kuti zitinizo zikhale za ana.

Za kalinya sindinkada nazo nkhawa. Palibe wachibale amene ankaifuna, ndipo aliyense ankadziwa zomwe ababa ankanena za ine. Ndinkaganiza kuti itsala pa njerwa zake, ine n'kumalowamo madzulo ndikachoka ku shikola. Koma titatsala pang'ono kumaliza, ababa aakulu anaima pakhomo la galaje n'kuiloza ndi chibwano.

"Iyi sigona pano. Ndaitana kale a sukata."

"Ababa anati ndi yanga," ndinatero.

"Mwana wanga, galimoto yolira yokha sungaisiye pakhomo pali ana. Lero yaitanitsa tiyi. Mawa idzaitana ndani?"

"Ichoke," anatero azakhali. "Malemunso apumule."

Mawaya anali m'thumba langa, ndinkawamva pantchafu. Kunali kungowatulutsa n'kunena kuti onani mzimu wanu uwu. Azakhali akanandithamangitsa ndi tsache, nkhaniyo ikanasekedwa mpaka ku Kalomwe, ndipo kalinya ikanatsala. Ndimakonda kwambiri nthawi imeneyo, yowulula, pamene munthu amazindikira kuti wapusitsidwa ndi mwana. Koma mbewu inali ikadali pansi m'galajemo, kadeyado ali m'thumba la ababa aakulu, ndipo amayi anali asanasudzulidwe. Munthu wamkulu wochititsidwa manyazi pamaso pa mlongo wake akanakhomanso chitseko, ndipo ku Domwe konse akanati mkazi wamasiye anatuma mwana kuti aseweretse malemu. Ndinayang'ana amayi. Iwo ankayang'ana moto wa makatoni.

Ndinatulutsa dzanja m'thumba lopanda kanthu.

A sukata anabwera ndi lole ndi unyolo. Kalinya inalibe matayala oti n'kuyenda, ndiye anaikoka chokwawa. Inakanda simenti ndi phokoso lomwe sindikufuna kulimvanso. Mnyamata wina wa iwo anakhala pa mpando wa ababa akuseka, akutembenuza chiwongolero. Anadina buzina koma sinalire, chifukwa bateriya anali ataichotsa kale. Pamene inachoka panatsala njerwa zinayi ndi banga lalikulu la oilo.

Mbewu tinaisankha atatu, amayi, azakhali ndi ine, titakhala pansi pakhomo la galaje. Ina inali itaola, ukaigwira chala chinkalowa. Ina inali itafota ngati chigongono cha nkhalamba, mphamvu yonse itathera m'mphukira zotalika kuposa dzanja langa. Yomwe inali ikadali yolimba tinkaithyola mphukira zoyerazo n'kuiika padera, kuti iphukenso pa kuwala. Azakhali akuthyola mphukira anati, "Mlamu, tikanadziwa." Amayi anati, "Palibe kanthu, mlamu." Mulu wotaya unakula kuposa wosunga.

Alendo atapita, ine ndi amayi tinasesa. Tinachotsa ukonde wa akangaude, tinathira phulusa pa banga la oilo. Matabwa omwe ababa ankasungira tsiku lake tinawakhoma kukhoma n'kukhala thandala, ndipo ndinagwiritsa ntchito mapalafuzo a m'chitini chachitatu, omwe anakwana ndendende. Tinayalapo mbewu yopulumukayo, mzere umodzi wosasanjikiza. Zitini ndinazindandalika pawindo monga zinalili. Makasu, khasu la mano ndi ndowa zothirira zinapeza malo kukhoma lina. Galaje inakhala yaudongo moti mawu ankabwerera ukalankhula. Aneba anabwera kudzayamikira, amati mwapeza chipinda chabwino. Ine ndinkaona ngati talowa m'nyumba ya eni.

Tikumaliza kusesa, amayi analankhula atandifulatira.

"Koyamba kaja ndinaiwala. Ndinathira ndithu."

"Ndinaona."

"Kachiwiri kaja ndinkadziwa kuti ndiwe, koma kanandipweteka kuposa koyamba."

Ndinadikira kuti andiuze kuti ndipepese. Sanatero, ndipo ine sindinapepese. Atandibwezera Lamulungu lija ndikhoza kugunditsanso mawayawo, mwina n'kuwonjezera kachitatu kuti ndione ngati ababa aakulu akanakwera mumtengo. Azakhali mpaka pano amafotokozera anthu pa maliro aliwonse momwe mchimwene wawo analankhulira ndi buzina, ndipo nkhaniyo ikukula. Tsopano akuti ndi magetsi a kalinya omwe anayaka. Ine ndimakhala pambali n'kumavomera kuti zoonadi, azakhali, anayaka.

Mbewu inaphukanso, mphukira zazifupi ngakhale zinali zoonda. Tinapita nayo kudimba anzathu akupalira kale. Amayi ankakumba maenje, ine n'kumaponya, mphepo ya kudambo ikutidula zala. Tinabzala motalikitsa pang'ono kuti ikwane malo ambiri, komabe dengu linatha titangodutsa pakati pa dimba. Ndinaligwedeza, munangotsala dothi. Amayi anaima ndi khasu akuyang'ana mizere yotsalayo, yolimidwa bwino, yopanda kanthu, mpaka kumalire ndi dimba la aneba.

"Kwatsalaku tidzaikako kabichi," anatero. "Tenga ndowa, tithirire yomwe ilipoyi."